Keke wobiriwira anandichititsa manyazi ku Ireland

Abale inu, akuluakulu aja amene anati safunsa anadya phula ankanena za ine ndithu. Phula langa ndinalidya pa 17 Malichi chaka cha 2022, kutali ndi kwathu ku Tsangano, m'khitchini ya gogo wina wa ku Ireland amene ndinkamusamalira.

Kwa inu amene simudziwa, 17 Malichi ndi tsiku la Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko la Ireland, ndipo lakhala la tchuthi kumeneko kuyambira chaka cha 1903. Patrick ameneyu sanali wa ku Ireland ayi. Anabadwira ku Britain, anagwidwa ukapolo ali ndi zaka 16, nakhala zaka 6 akuweta ziweto ku Ireland. Atathawa anabwereranso komweko m'zaka za m'ma 400 kukalalikira kwa anthu omwe anamuzunzawo. Patsikuli anthu amavala zobiriwira, namata pachifuwa katsamba ka shamrock kamasamba atatu, kamene amati Patrick ankaphunzitsira za Utatu Woyera.

Tsono agogo anga aja, a zaka 88, obadwira kudera la Armagh, anali atayamba kukana chakudya. Phala ayi, supu ayi, tiyi yekha basi. Thupi linkatha tikuona. Mwana wawo wamkazi anali atayamba kale kunong'ona zokawasiya kunyumba yosungirako okalamba, ndipo agogowo ankaopa zimenezi kuposa imfa. Nane ndinkaopa, sindinama, pakuti agogo akachoka ndiye kuti ntchito yanga yathanso, ndipo kumudzi kuli ana awiri odikira fizi.

Ndiye ndinati dikirani muone mwana wa ku Ntcheu. Ndinagula ufa, mazira, shuga ndi kabotolo ka mankhwala osinthira mtundu wa chakudya. Usiku wonse ndili pa uvuni. Kutacha keke anatuluka wobiriwira ngati munda wa fodya mu Januwale, pamwamba kirimu wobiriwiranso. Ndinamunyamula monyadira ngati mkwatibwi, ndikuti lero agogo adya mpaka kunyambita zala.

Agogo anamuyang'ana keke uja, nandiyang'ana ine, namuyang'ananso keke. Kenako anafunsa modekha kuti, "Mwana wanga, ameneyu wadwala chiyani?"

Ndinafuna pansi patang'ambika. Koma taonani, agogo anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chibwerereni m'nyumbamo. Atapuma anati zakudya zopaka utotozo n'za ku America. Ati kumeneko ndiye kuli misala ya mtunduwu, moti ku Chicago amathira utoto wobiriwira mumtsinje weniweni, ndipo akhala akutero kuyambira 1962. Iwo ali mwana, tsikuli linali la Misa, nyama ya nkhumba ndi kabichi, kenako chotsekemera chimodzi chophika mayi awo.

Apa m'pamene ndinamvetsa chinsinsi cha tsikuli. 17 Malichi amagwa nthawi zonse mkati mwa Lenti, nyengo imene Akatolika amadzimana. Ana ankasiya masiwiti, akuluakulu shuga ndi mowa. Koma tsiku la Patrick lokha linkakhala ngati kampata kopumira, aliyense n'kuloledwa kulawa zimene anasiya. Ndiye chotsekemera cha tsikuli chinali ndi tanthauzo chifukwa cha njala ya masabata apitawo, osati chifukwa cha mtundu wake.

Ndinafunsa kuti, "Nanga agogo, amayi anu ankaphika chiyani?" Anati keke wa mbatata ndi maapozi. Mbatata yake iti? Ya kachewere! Yomwe ija ife timangoitchula kuti "ayirishi" pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off, imene bambo anga analima moyo wawo wonse. Ndinawauza kuti kwathu mbatata imeneyi timaitchula ndi dzina la dziko lawo, ndipo anaseka kachiwiri. Anati kwawo keke ameneyu ankadyedwa makamaka kumapeto kwa Okutobala maapozi akangothyoledwa, koma mayi awo ankasunga maapozi ena pamalo ozizira kuti afike nawo mu Malichi.

Tsiku lomwelo anandilamula kuti ndiwakankhire panjinga yawo mpaka kukhitchini. Iwo kulamula, ine kuphika, ndipo nanu tengani cholembera. Wiritsani theka la kilogalamu ya kachewere, khetsani madzi onse, ndipo muiphwanye ikadali yamoto mpaka pasakhale mibulu. Thirani masupuni awiri a batala, kamchere pang'ono ndi ufa wa tirigu pafupifupi kapu imodzi. Kandani pang'ono chabe, mukakanda kwambiri amalimba ngati chikopa. Gawani pawiri, ndipo chigawo chilichonse muchipapatize ndi botolo chikhale chozungulira ngati mbale. Pa chimodzi yalani maapozi awiri osenda ndi odula mopyapyala, vundikirani ndi chinacho, n'kutsina m'mbali monse.

Uvuni safunika, amayi a kumudzi musadandaule. Ikani pa chiwaya chouma, moto wochepa, mphindi 15 mbali iyi, 15 mbali inayo. Akapsa dulani kachivundikiro pamwamba, ponyanimo batala ndi shuga, tsekaninso ndipo mubwezere pamoto mphindi zisanu kuti zisungunuke. Shuga amalowa kumapeto chifukwa mukamuthira poyamba maapozi amatulutsa madzi, keke n'kubooka. Maapozi ake akhale owawasa. Ku Armagh amalima otchedwa Bramley, amene amafewa okha akamva moto.

Tsiku limenelo agogo anadya zidutswa ziwiri. Ziwiri, abale! Mwana wawo atafika madzulo anapeza mbale ili mbee, ndipo anangokhala pampando n'kuyamba kulira.

Tikudya, agogo anandiuza chifukwa chimene anthu a kwawo saseweretsa mbatata. Kuyambira 1845 mpaka 1852 matenda anaoletsa mbatata m'minda, ndipo kunagwa njala imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, enanso oposa 1 miliyoni n'kuthawa m'dzikomo. Boma la Britain, limene linkalamulira Ireland nthawi imeneyo, linaitanitsa chimanga chachikasu ku America, koma anthu sankadziwa kuchigaya kapena kuchiphika, ambiri n'kudwala nacho m'mimba. Nditamva izi tsitsi linandiyima. Ndinawauza za chilala cha 1992, pamene ife tinkaima pamzere kulandira chimanga chachikasu chomwecho, ndiponso za njala ya 2002. Tinakhala chete kanthawi, mzungu wokalamba ndi ine, aliyense akukumbukira njala ya kwawo.

Kuyambira pamenepo khitchini inasanduka sukulu. Anandiphunzitsa keke wa porter, amene ndi wa ufa magalamu 450, batala magalamu 225, shuga wofiirira magalamu 225, mphesa zouma zoposa theka la kilogalamu, mazira atatu, supuni yaing'ono ya soda ndi mowa wakuda mamililita 300, monga Guinness uja amene anayamba kufululidwa ku Dublin ndi Arthur Guinness atatenga malo a St James's Gate mu 1759. Mumatenthetsa mowa, batala, shuga ndi mphesa pamodzi, zikazizira n'kusakaniza ndi ufa, soda ndi mazira, kenako mu uvuni wa moto wapakati kwa maola ngati awiri. Keke ameneyu sadyedwa tsiku lomwelo. Mumamukulunga n'kumubisa sabata yathunthu, ndiye wofuna kudya pa 17 aphike pa 10. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene mowa ndi mpingo wanu sizimwerana madzi, nyikani mphesazo mu tiyi wakuda wamphamvu usiku wonse, pakuti aku Ireland omwewo ali ndi buledi wotsekemera wa tiyi wophika motero.

Anandiphunzitsanso kusataya buledi wogona. Mumamupaka batala, kumuyala m'mbale, kuwaza mphesa zouma, kuthira mkaka wosakaniza ndi mazira ndi shuga, n'kuika mu uvuni mphindi 40. Nditafunsa za makeke a Baileys amene adzaza m'masitolo, anangopukusa mutu. Ati chakumwa chimenecho chinabwera mu 1974, iwo ali kale ndi ana anayi, ndiye asawanamize munthu kuti n'cha makolo.

Mukaona bwino, zotsekemera zenizeni za ku Ireland n'za anthu osauka: mbatata yotsala, buledi wa dzulo, maapozi a kuseri kwa nyumba. Sizisiyana ndi chigumu, zitumbuwa ndi futali wathu. Ine ndinapita kukagula utoto poganiza kuti chakudya cha azungu chiyenera kukhala chodabwitsa, chonsecho yankho linali m'thumba la kachewere pansi pa sinki. Ndi angati a ife amene timachita manyazi kupatsa mlendo mbatata ya kwathu, n'kukakongola ndalama ya keke wa m'sitolo?

Agogo sanapite kunyumba ya okalamba kuja. Anakhala m'nyumba mwawo mpaka anatisiya chakumapeto kwa 2023, pabedi pawo, monga ankafunira. Sindikunena kuti keke ndi mankhwala ayi, madokotala anachita mbali yawo. Koma munthu amene anthu ankangomudyetsa ngati khanda anapezanso chinthu choti aphunzitse wina, ndipo njala inabwerera.

Chaka chilichonse pa 17 Malichi ndimaika chiwaya pamoto. Chaka chatha ndinawaimbira foni amayi ku Tsangano kuwafotokozera kaphikidwe kake. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe, mpaka kukwera ndege kukaphunzira kuphika mbatata ya bambo ako?" Nanga ndikanayankha chiyani?

Za keke wobiriwira uja musandifunse. Tinapatsa galu wa aneba, naye anangonunkhiza n'kuchokapo.