Ku Kanungu, Kumene Amayi Adaletsedwa Kufunsa

Amayi anzanga, sabata ino tiyambe taika pambali za maphikidwe ndi zoluka, ndikutengeni ulendo wa kutali, ku dziko la Uganda, ku dera lotchedwa Kanungu. Mwina ambiri a inu dzinali simunalimvepo, koma zimene zidachitika kumeneko m'chaka cha 2000 ndi zoyenera kuti mayi aliyense wa pabanja azidziwe.

Mukanyamuka mumzinda wa Kampala mumalowera chakumwera cha kumadzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 400. Mumadutsa Masaka ndi Mbarara, kumene m'mbali mwa msewu mumaona ng'ombe za nyanga zazitali zedi, kenaka msewu umayamba kukwera ndi kukhotakhota kufikira mutalowa m'mapiri a anthu a mtundu wa Bakiga, kufupi ndi malire a dziko la Congo. Dziko lake ndi lobiriwira mochititsa kaso. M'mapiri monse muli minda ya nthochi, zimene eni ake amaziphika zili zaziwisi nkumadya monga mmene ife tidyera nsima, ndipo mwina mumapeza minda ya tiyi yonga ya ku Thyolo. Alendo a maiko akutali amafika kumeneko kudzaona anyani akuluakulu a m'nkhalango ya Bwindi ndiponso mikango yokwera m'mitengo ya ku Ishasha. Poona kukongola konseku, munthu sangaganize kuti pa limodzi la mapiri amenewa pagona anthu mazanamazana m'dzenje limodzi.

Nkhani yake idayamba cha m'ma 1989. Mayi wina dzina lake Credonia Mwerinde, amene kale ankagulitsa mowa, adayamba kulalika kuti amaona masomphenya a Maria, amake a Yesu. Adagwirizana ndi Joseph Kibwetere, bambo wolemekezeka wa banja lake ndi chuma chake, ndipo pambuyo pake adawatsatanso wansembe wophunzira kwambiri, Dominic Kataribabo. Gulu lawo adalitcha Movement for the Restoration of the Ten Commandments of God, ndiye kuti gulu lobwezeretsa Malamulo Khumi a Mulungu. Mpingo wa Katolika, kumene atsogoleriwa adachokera, udakana chiphunzitso chawo.

Musaganize kuti amene adawatsata adali opusa ayi. Dziko la Uganda lidali litangotuluka m'zaka za nkhanza za Idi Amin ndi nkhondo zimene zidatsatira, ndipo matenda a Edzi adali kusesa midzi. Anthu adali olema ndi maliro. Tsono pakabwera munthu wonena motsimikiza kuti dziko lili pafupi kutha, koma iye ali ndi malo opulumukirapo onga chingalawa cha Nowa, mtima wosweka umafulumira kukhulupirira. Ambiri mwa otsatirawo adali amayi ndi ana awo.

Mverani tsono za moyo wa pamalo pawo pa Kanungu. Munthu polowa ankagulitsa munda, ziweto ndi katundu, ndalama zonse nkupereka kwa atsogoleri. Mwamuna ndi mkazi wake ankalekanitsidwa, ndipo kukhalira pamodzi monga banja kudali koletsedwa. Lolemba ndi Lachisanu ankadya kamodzi kokha. Ngakhale sopo adamuletsa. Koma lamulo loopsa koposa lidali la kukhala chete: anthu ankauzidwa kuti kuyankhula kungawachimwitse ndi bodza, motero masiku ambiri ankangolozerana ndi manja. Taganizani, mayi kukhala ndi mnzake tsiku lonse m'munda, onse awiri mitima ili ndi nthumanzi, koma wosatha kufunsana kuti, kodi mnzanga, zimenezi ukuziona bwanji? Munthu amene wamutseka pakamwa wamulanda ndi abale omwe. M'chaka cha 1998 boma lidatseka sukulu ya gululi chifukwa cha uve ndi kugwiritsa ana ntchito, komabe gululo lidapitirira.

Pakati pa zonsezi pali mayi mmodzi amene ndikufuna mumukumbukire, ndiye mkazi wa Kibwetere. Poyamba nayenso adakhulupirira, ndipo gululo lidakhala pakhomo pake penipeni. Koma m'kupita kwa masiku adaona mlendo uja akulamulira nyumba yake ndi kuzunza a m'banjamo m'dzina la Maria, ndipo mtima wake udakana. Iye ndi ana ake adalimba, kotero kuti m'chaka cha 1992 gululo lidachoka pakhomopo. Mwamuna wake adapita nalo, iye adatsala. Ndithu adataya banja, ndipo si chinthu chapafupi mkazi kutsutsa zimene mwamuna wake akuti ndi mawu a kumwamba. Koma tsiku la moto lidamupeza ali kwawo, wamoyo.

Atsogoleri adalengeza kuti dziko lidzatha pa 31 Disembala 1999. Kutacha pa 1 Januwale dzuwa lidatuluka monga mwa masiku onse, ndipo ena adayamba kufuna kuti awabwezere chuma chawo. Pamenepo padaikidwa tsiku lina, la 17 Marichi 2000. Kudakonzedwa phwando, adapha ng'ombe, adagula zakumwa zoziziritsa kukhosi zambirimbiri. Tsikulo m'mawa anthu adalowa m'nyumba yopemphereramo imene mazenera ake adali atakhomedwa ndi matabwa, ndipo posakhalitsa idayaka moto. Anthu oposa 500 adapsera momwemo, ana ali pomwepo. Masiku otsatira apolisi adafukula mitembo ina yambiri pa malo a gululi ku Buhunga, ku Rugazi pakhomo pa Kataribabo, ku Rushojwa ndi ku Buziga kufupi ndi Kampala. Amenewa adaphedwa moto uja usanachitike. Onse pamodzi adaposa 700, ndipo palibe mtsogoleri ndi mmodzi yemwe amene adaimapo pabwalo la milandu. Opsa aja adakwiriridwa pamodzi paphiri pomwepo, ambiri osadziwika nkhope.

Musati ndi zakale kapena za ku Uganda kokha. M'chaka cha 2023 m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya mudafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu amene mlaliki wawo adawauza kuti asale kudya kufikira imfa.

Nanga ife tiphunzirepo chiyani? Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi woona wa za Mulungu sakwiya mukamufunsa funso, ndipo ndalama za mpingo amaziwerengera poyera. Koma mukaona munthu akukuuzani kuti ndi iye yekha amene amamva mawu a kumwamba, kuti amayi anu okubalani ndi mfiti ndipo muleke kuwayendera, kuti mutaye mankhwala a kuchipatala, kuti mugulitse mbuzi za ana a sukulu mubwere nazo ndalama, kapena kuti mukapemphereredwe nokha usiku amuna anu osadziwa, dziwani kuti njira imeneyo ndi yomwe ija idakathera paphiri la Kanungu. Kumenekonso sizidayambe ndi moto. Zidayamba ndi nyimbo zokoma, kenaka kamunda kamodzi, kenaka kukhala chete.

Inu amayi mumadziwa mwana kuti wadwala asanatenthe thupi, mumadziwa ndiwo kuti zasasa musanazilawe. Nzeru yomweyo musaisiye pakhomo popita kokapemphera. Mtima ukachita nthumanzi, musauzidwe kuti ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Bwererani kunyumba, gonani tsiku limodzi kapena awiri musanapereke kanthu, ndipo kambiranani ndi munthu wa kunja kwa gululo, kaya ndi mchemwali wanu, ankhoswe, kapena amayi anzanu a m'bungwe. Ngati mphunzitsiyo akuti nkhaniyo musauze munthu, ndiye kuti ifunika kuuza anthu tsiku lomwelo.

Ndipo ngati muli ndi mbale wanu amene walowa kale m'gulu lotere, musamunyoze kapena kumutsekera chitseko, pakuti atsogoleri otere amakondwa mbale akatayidwa ndi akwawo. Muzimuyendera, muzimupatsa moni, muzimufunsa za ana, kuti tsiku limene mtima wake udzakane adzadziwe khomo lofikirapo.