Kuthirira Maluŵa a M'miphika Dzinja, Chisanu ndi Chilimwe

Pa makonde a nyumba zambiri kuno ku Thyolo, ndiponso pa makomo a matchalitchi athu, pamakhala miphika ya duŵa lija loyera lokhala ndi kamtengo kachikasu pakati. M'Chingerezi amalitcha calla lily kapena arum lily. Ana athu a sukulu amangoti kakombo, ngakhale kakombo weniweni ndi uja woyandama pa madzi a m'thamanda. Duŵali si mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja monga ambiri aganizira. Kwawo ndi kummwera kwa Afrika kuno, ndipo akatswiri a zomera analitcha Zantedeschia pokumbukira Giovanni Zantedeschi, dokotala wa ku Italy amene anamwalira m'chaka cha 1846. Mbale wake ndi koko amene timadya, motero amene analimapo koko m'dimba adziŵa kale theka la nkhani yathu.

Theka linalo ndi lakuti maluŵaŵa ali m'magulu aŵiri, ndipo ludzu lawo silifanana. Pali lija lalikulu loyera la masamba obiriŵira ponseponse. Limeneli likonda dambo, ndipo likapeza madzi okwanira silitaya masamba chaka chonse. Pali enanso a masamba a maŵangamaŵanga oyera, amene amamera okha m'thengo ngakhale m'Malaŵi momwe muno, pamodzi ndi achikasu ndi ofiirira ogula kwa alimi a maluŵa. Ameneŵa mvula ikatha amafota masamba ndi kugona, moyo wonse utabisala m'chimbatata cha pansi. Ife taona miphika yambiri ya pa tchalitchi ikufa osati chifukwa cha ulesi ayi, koma chifukwa cha khama. Achinyamata amapatsidwa ndandanda yothirira Loŵeruka lililonse, ndipo mwa kumvera kwawo amathira chitini chodzaza mu mphika uliwonse, m'Januwale ndi m'Julayi chimodzimodzi. Amayi a Mvano pofuna maluŵa a tsiku la ukwati amapeza chimbatata chitasanduka phala lonunkha.

Tiyambe ndi dzinja. Kuyambira Disembala kufikira Malichi, pamene otchola tiyi alibe mpata wopuma chifukwa nsonga zikuphuka usiku ndi usana, duŵa nalonso lili pa ntchito yaikulu. Lifuna dothi lachinyezi nthaŵi zonse. Koma mvula ya kuno ndi yambiri, ndipo katondo wathu wofiira, amene tiyi amkonda m'munda, akaikidwa mu mphika amagwirana ngati dongo la njerwa. Nchifukwa chake pobzala timasakaniza katondoyo ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino, ndipo pansi timaika mapale kuti chiboo chisatseke. Mphika wopanda chiboo ndi manda. Mvula ikakhala yamvumbi, monga inachitira m'Malichi 2023 pamene namondwe Freddy anasakaza chigawo chino cha kummwera, mphika wa duŵa la maŵanga uyenera kuloŵa pa khonde. Lija loyera lalikulu silidandaula kwenikweni. Mbale yoika pansi pa mphika tizikhuthula, pakuti madzi ogona m'menemo ndi chikuta cha udzudzu.

M'maŵa wina mudzaona timadontho tikulendeŵera pa nsonga za masamba, mvula isanagwe. Ana amati duŵa likulira. Si matenda ayi. Mizu yamwa madzi ochuluka usiku, ndipo chomera chikutulutsa otsala. Tsiku lotero chitini chikhale pansi.

Nyengo yovuta kuimvetsa ndi ya chisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Kwina m'dziko muno miyezi imeneyi ndi youma gwa, koma ife tili ndi chiperoni, nkhungu ija ya mvula yowaza imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni ndiye amasunga tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje wobiriŵira pamene udzu wa ku Chikwawa wapsa. Koma amanyenga wothirira mbali ziŵiri. Masamba amanyoŵa, munthu nkuganiza kuti mphika wakhuta, chonsecho pansi pali pouma. Kapena mphika ukhala panja masiku anayi a nkhungu, dzuŵa losatuluka, madzi osauma, munthu nkuwonjezerapo ena. Njira imene timaphunzitsa ana a Sitandade 5 ndi yapafupi: pisa chala m'dothi kufikira mfundo yachiŵiri. Chikatuluka ndi dothi lomata, bwerera nawo madzi ako. Chikatuluka chouma, thira pang'onopang'ono kufikira madzi atayamba kudontha pansi.

Zimenezi ndi za lija loyera. La maŵanga, masamba ake akayamba chikasu cha m'ma Epulo kapena Meyi, timachepetsa madzi, kenaka nkuleka ndithu. Masambawo tisawadule akali aŵisi, pakuti chakudya chili m'menemo chikutsikira ku chimbatata. Akauma, mphika timaugoneka cham'mbali m'munsi mwa nkhokwe kapena pa ngodya ya khonde, pamene chiperoni safika. Apa ndi pamene mtima wa munthu umavuta. Mphika wa dothi lokhalokha uoneka ngati wotayidwa, ndipo mlendo aliyense wachifundo afuna kuuthirako madzi. Alimi a tiyi sadabwa nazo, popeza miyezi yomweyi ndiyo amadulira tiyi mpaka munda uoneka ngati wa zitsa zakufa. Ife makolo ndife amene timavutika kukhulupirira kuti chinthu chingakhale ndi moyo pamene sitikuchichita kanthu.

Chilimwe chikafika, m'Sepitembala ndi Okutobala, lija loyera limakhala likuchita maluŵa, ndipo mu mphika wa dothi madzi amatha msanga. Lifuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku, m'mamaŵa kapena dzuŵa litapendeka, ndipo likhale pa mthunzi masana. Koma madziwo achokera kuti? Ife a m'kalasi timaona atsikana akufika belu litalira kale, mutu uli wonyoŵa ndi ndowa ya ku mjigo. Sitikhulupirira kuti maluŵa makumi aŵiri a pa khonde angafanane mtengo ndi phunziro limodzi la masamu limene mwana wataya. Banja limene madzi ali kutali lisunge miphika iŵiri kapena itatu, ndipo lithirire ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba. Madzi a sopo ndi a mchere asapiteko. Anyamata nawonso ali ndi manja. Ndowa siisankha mutu.

Chenjezo lina kwa amayi a ana okwaŵa: mbali zonse za duŵali zili ndi ululu woyabwa, wonga uja wa koko wosapsa, ndipo mwana akatafuna tsamba, pakamwa pamatentha ndi kutupa. Mphika ukhale pamwamba.

Cha kumapeto kwa Okutobala timadzutsa miphika ija yogona. Timakhuthula dothi, kusankha zimbatata zolimba, kutaya zofeŵa, ndi kubzala m'dothi latsopano, maso ake atayang'ana kumwamba. Madzi oyamba akhale ochepa, ongonyoŵetsa, kufikira kansonga kobiriŵira katasuzumira ngati mkondo. Masamba akatambasuka ndi pamene timawonjezera. Mvula ya Novembala ikagwa bwino, pofika Khirisimasi amayi a Mvano amapeza choika patsogolo pa gome.