Kwa mphwanga wojambula kanema: za filimu ya Woodstock ndi magitala a m'komboni

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako kumeneko ku Ndirande. Kuno ku Bindura tadzuka, kupatula mawondo angawa amene ayamba kundilipiritsa ngongole ya zaka zapansi pa mgodi. Mayi a kunyumba kuno akupereka moni.

Filimu ya Woodstock unatumiza ija ndaionera mpaka kumapeto, maola atatu athunthu. Unalemba kuti aphunzitsi anu akuionetsa m'kalasi kuti muphunzire kudula ndi kulumikiza zithunzi, ndipo unafunsa ngati ife tinkaidziwa masiku amenewo. Ndikuyankha, koma uleze mtima, chifukwa yankho lake labereka pempho kumsana.

Nyimbo tinkazidziwa, filimu ayi. Mu Ogasiti 1969, pamene anthu oposa 400,000 ankasonkhana pa famu ya ng'ombe za mkaka ya Max Yasgur ku Bethel, m'chigawo cha New York, ine ndinali mnyamata wa m'komboni, mgodi wa Trojan udakali watsopano. Agogo ako adabwera ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kuchokera ku Dedza, nayambira m'mafamu a fodya asanalowe pansi. Bayisikopo ya m'makomboni inali ya makaubowi: akavalo, fumbi, mfuti, ife tikukuwa kumchenjeza ngwazi kuti mdani ali kumbuyo kwake. Jimi Hendrix ankatifika kudzera m'makutu, usiku pa wayilesi ya LM ya ku Lourenço Marques, ndi pa mbale za galamafoni zimene akuluakulu athu ankabwera nazo kuchokera ku Halale. Tinkakangana mpaka thovu kukamwa. Ena ankalumbira kuti phokoso lija munthu mmodzi sangalitulutse, alipo awiri, wina amabisala. Zala zake zikuyenda pa nsambo, gitala ataitembenuza poti anali wamanzere, ndadzaziona ndili kale ndi imvi.

Aphunzitsi ako akuuza za luso la wotsogolera filimuyi Michael Wadleigh ndi anthu ake, za Thelma Schoonmaker ndi Martin Scorsese amene panthawiyo anali achinyamata, za kugawa chinsalu pawiri kapena patatu kuti woimba ndi womvera aonekere limodzi. Zimenezo uzimvere, filimuyi sidapate Oscar mwangozi itatuluka mu 1970. Koma ine zandigwira mtima ndi zina.

Choyamba, anthu aja sankathamanga. Taonanso pamene gulu la Santana likuimba Soul Sacrifice. Woimba ng'oma, Michael Shrieve, anali ndi zaka 20 zokha. Kamera ikafika pa iye imakhazikika. Umaona nkhope ikusintha, mapewa akutopa, kenaka mphamvu zikubwereranso, ndipo pamene magitala akulowanso umakhala utatopa naye limodzi. Tizithunzi timene umanditumizira pa WhatsApp ndi tokongola, sindikunyoza, koma theka la mphindi lisanathe wadula kale. Nyimbo imafuna nthawi kuti itenthe. Ng'oma za gule zikangoyamba, ovina amakhala akuyesa kaye nthaka, ndipo chenicheni chimabwera pamene wojambula wopupuluma wabweza kale foni m'thumba.

Chachiwiri ndi kumene kamera inkayang'ana. Mbali yaikulu ya filimuyi si ya oimba konse. Muli akalipentala akukhoma nsanja, mizere ya anthu odikira lamya kuti auze makolo kuti ali moyo, ophika phala la khamu lonse lija, ndege za asilikali zikubweretsa madokotala, mvula ya Lamulungu ndi matope ake, eni mudzi ena akudandaula pamene ena akuyamikira ana aja. Ndiye muli bambo wina wachikulire wopopa zimbudzi. Akugwira ntchito yake mosamala, akutsuka, akuika mankhwala, uku akufotokoza kuti mwana wake mmodzi ali pomwepo pa chisangalalo, wina ali ku nkhondo ku Vietnam. Pamenepo ndidaimitsa filimu. Bambo ameneyu ndimamudziwa. Ndakhala naye mzere umodzi wa nyumba, ndapondana naye mu keji potsikira pansi. Ntchito zimene eni dziko ankazikana zinkagwera ife obwera, ndipo palibe ankatifunsa kuti ana athu ali kuti.

Koma umve ndi ichi, poti mwina m'kalasi sadanene. Bamboyo pambuyo pake adakasuma kukhoti, ati ojambula adamsandutsa choseketsa pamaso pa dziko lonse iye osadziwa chimene akujambulira. Ine pomuona ndidaona ulemu, mwini wake adaona chipongwe. Nkhani imeneyi uisunge, ndibwereranso.

Hendrix adaimba Lolemba m'mawa, pa 18 Ogasiti, anthu ambiri atanyamuka kale, bwalo litasanduka dzala. Adatenga nyimbo ya fuko lawo naing'amba ndi gitala, mpaka mukumveka ndege zotsika, mabomba ndi kulira kwa anthu. Ambiri amatama luso. Ine ndidangoti zii, chifukwa phokoso limenelo lidatipeza kuno lenileni. Pa 21 Disembala 1972 ankhondo a ZANLA adathira nkhondo famu ya Altena ku Centenary, kumpoto kwathuku, ndipo kuyambira pamenepo chigawo chino sichidagonenso tulo. Mu 1974 anthu a ku Chiweshe adawasonkhanitsa m'makipi, midzi yozingidwa ndi waya. Magalimoto a asilikali ankadutsa m'tauni muno usana ndi usiku. Ana a ku Bethel aja Lolemba adasasa matope nakwera magalimoto kubwerera kwa amayi awo. Sindikuwapeputsa, ambiri a iwo kalata yowaitanira ku Vietnam inkawadikira kunyumba. Kungoti mtendere umene ankaimba, kuno ukauimba mokweza apolisi ankafuna kudziwa kuti ukutanthauzanji. Hendrix mwiniyo adamwalira ku London pa 18 Seputembala 1970 ali ndi zaka 27. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Tsono usaganize kuti tinkangomvera. Moto womwewo udayaka kuno. Ku Bulawayo kunali Wells Fargo ya Ebba Chitambo, magitala aukali, ndi nyimbo yawo Watch Out imene achinyamata ankaimva ngati uthenga wa nkhondo. Ku Mhangura, mgodi wa kopa, mu 1974 woimba lipenga Daram Karanga adasonkhanitsa Hallelujah Chicken Run Band kuti izisangalatsa anthu a pamgodi, ndipo mmodzi mwa anyamata ake anali Thomas Mapfumo, amene adayamba ndi kutengera nyimbo za azungu. Kumeneko adaona kuti anthu otuluka pansi amadzuka pampando akamva nyimbo za makolo zikulira pa gitala yamagetsi, ndipo njira yopita ku nyimbo za chimurenga idadzera m'holo ya pamgodi. Ku Zambia ndiye kudachita kusefukira: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Ngozi Family ya Paul Ngozi, ambiri mwa iwo ana a m'matauni a migodi ngati ife. Kwanu kokha ndi kumene zidavuta. Boma la Kamuzu lidaletsa tsitsi lalitali kwa amuna ndi mathalauza otambalala kumiyendo, alendo ankametedwa pabwalo la ndege, ndipo bungwe lounika mafilimu ndi nyimbo linali ndi lumo lakuthwa kuyambira 1968. Wailesi yakanema idafika kwanuko mu 1999. Filimu yodzaza ndi anthu osamba maliseche m'dziwe ndi osuta chamba poyera ikadadutsira pati?

Zimbale zina za magulu amenewa zidapulumuka, ndipo azungu akuzisindikizanso tsopano. Koma chimbale chimasunga mawu okha. Sichikuonetsa holo, sichikuonetsa mayi wogulitsa chibuku pakhomo, kapena mnyamata wa shifiti ya usiku akuvina ndi majombo a kumgodi poti sapeza mpata wokavula. Filimu ya WITCH, imene Gio Arlotta adatulutsa mu 2019, idajambulidwa patapita zaka zoposa 40, kopa atagwa mtengo kalekale, Edzi itakolola oimba ambiri a nthawi ija, mwa oyambitsa gululo atatsala Jagari Chanda yekha, naye akukumba miyala yamtengo wapatali kutchire. Ndi filimu yabwino, koma ndi ya munthu wofotokoza za phwando limene lidatha. Yerekeza ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka kwanuko. Gerhard Kubik adawajambula mu 1967 akadali anyamata, ndipo lero aliyense angaone m'mene Daniel ankagwirira gitala. Kusiyana kwake n'kwakuti tsiku limenelo padali munthu ndi kamera, ndipo adakhala pansi.

Gulu lathu la m'komboni silidajambulidwe ngakhale chithunzi chimodzi. Tidayamba ndi magitala a zigubu za mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga, kenaka tidapeza zida zamagetsi za ku holo. Tinkatsegula ndi za Hendrix ndi Rolling Stones, Chingerezi chake chongomvera m'makutu, koma pofika pakati pa usiku anthu ankafuna za kwawo, ndiye tinkasakaniza Chichewa, Chisena, Chishona ndi rumba ya ku Congo m'nyimbo imodzi. Ukamamva Alick Macheso, wobadwira ku Shamva konkuno mu 1968, akuliza bezi ngati gitala yotsogolera n'kumaponyamo Chichewa, kapena Nicholas Zakaria wa ku Mazowe amene adamlera mu Khiama Boys, udziwe kuti ndi ana a makomboni ndi mafamu omwewa, magazi a ku Malawi. Sungura, mtundu wa nyimbo zawozi, sidagwe kumwamba. Idaphikidwa ndi anthu amene mayina awo sali pa chimbale chilichonse, ndipo ena mwa iwo akadali moyo ku Trojan, ku Chipadze ndi ku Shamva.

Pempho langa ndi limeneli: tchuthi chikubwerachi ubwere ndi kamera. Nthawi sikutidikira. Mgodi wa Trojan udaima mu 2008, udatsegulidwanso mu 2012, ndipo pano wakhalanso chete. Mgodi ukaima komboni imabalalika. Anyamata ali m'maenje a golide ku Kitsiyatota kapena adawoloka Limpopo, okalamba tikuperekezana kumanda mmodzimmodzi. Amene ankatiimbira bezi maso adafa, koma zala zikadali zakezake. Wang'oma wathu amakhala kwa mwana wake wamkazi, ndipo ukamuika timitengo m'manja amaiwala kuti amayendera ndodo. Ndalankhula nawo, avomera. Holo tipempha, zida tibwereka kutchalitchi.

Ukabwera, ujambule monga adachitira anthu a Wadleigh. Nyimbo ikayamba usadule mpaka ithe, ngakhale wina alakwitse. Utembenuzire kamera kwa amayi okhala pamkeka, kwa ana a pawindo amene Chichewa amachimva koma amayankha m'Chishona, kwa wosesa holo. Koma ukumbukire bambo wa zimbudzi uja. Aliyense umuuze chimene ukujambulira, ndi kumene chidzaonetsedwe, ndipo ukamaliza kulumikiza ubwere udzationetse ife poyamba, aphunzitsi ako pambuyo. Anthu a kuno adatchedwa mayina ambiri onyoza, ena adakhala zaka zambiri opanda chitupa cha dziko lililonse, ndiye kamera amaiyang'ana ndi diso lokayika. Usadabwe akakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani asanakulole kukhala pansi.

Za gule ndikuuziretu. UNESCO italemekeza Gule Wamkulu mu 2005 idatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma zilombo zimatulukanso kuno, m'migodi ndi m'mafamu, ndipo mwina udzakumana nazo pamaliro kapena pachikumbutso. Pabwalo ungajambule akuluakulu akalola. Kudambwe kamera siipita, ngakhale wina akulonjeze kuti akulowetsa ukampatsa kangachepe.

Ukwere basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Ukatsika mu Harare, makombi a ku Bindura ndi ambiri, ulendo wake sukwana maola awiri. Utenge mabatire okwanira chifukwa magetsi kuno amabwera mwa kufuna kwawo, ndi maikolofoni yabwino poti holo ija imabweza mawu. Amayi ako uwauze atipatsireko usipa ndi mpunga wa kilombero. Ndipo ngati ku Limbe ungapeze nsambo za gitala ya bezi, ugule zonse zinayi, ndalama ndidzakubwezera ukafika.

Ndine malume ako,
ku Bindura