Njovu ya Masana

Mawu akuti safari ndi a Chiswahili, ndipo tanthauzo lake ndi ulendo basi, ulendo uliwonse, ngakhale wa kumaliro. Koma m'nyumba zikuluzikulu za kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, ku Parkview, ku Saxonwold ndi ku Houghton, mawuwa atsala ndi tanthauzo limodzi: kulipira ndalama zankhaninkhani kuti ukaone nyama zakutchire uli phee m'galimoto. Pa nyumba ina ya ku Parkview pamagwira ntchito bambo wina wa ku Kasungu, wa zaka zopitirira 40, amene kwa zaka 11 tsopano wakhala akutchetcha kapinga, kudulira mitengo ndi kusesa maluwa a jakaranda omwe amayoyokera pabwalo mwezi wa Okutobala. Kwawo ndi mudzi wina wa kum'mawa kwa nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, komwe munda wa chimanga umathera pomwe tchire layambira.

Kubangula kwa mkango anayamba kukumva kuno ku Joni. Malo oonetserako nyama a mzindawu, omwe anatsegulidwa mu 1904, ali pafupi ndi kanyumba kake ka kuseri kwa galaja, ndipo usiku kukazizira mawu a mikango amadutsa makoma onse. Tsiku loyamba anadzambatuka n'kuyamba kufufuza nkhwangwa pansi pa bedi, mpaka anakumbukira kuti nkhwangwayo anaisiya kumudzi.

Mabwana ake ndi mzungu wokalamba ndi mkazi wake, onse opuma pantchito, ndipo chaka sichitha asanapite kukaona nyama. Chaka china anapita ku Serengeti m'dziko la Tanzania, mpaka kumtsinje wa Mara, komwe pakati pa Julaye ndi Seputembala nyumbu zoposa miliyoni imodzi, mbidzi zili pambali, zimawoloka kulowera ku Masai Mara m'dziko la Kenya potsatira msipu. Atabwerako anamuitanira pakhonde, anamupatsa tiyi, n'kumuonetsa zithunzi pa kompyuta: nyumbu zikudziponya m'madzi kuchokera pagombe lalitali, ng'ona itagwira ina mwendo, magalimoto a alendo atandanda kutsidya ngati pa depoti ya basi. Anthu a m'deralo sanaoneke pa chithunzi chilichonse, kupatulako mnyamata wa nsalu yofiira amene ankawanyamulira zikwama. Amasai anachotsedwa m'nkhalango ya Serengeti mu 1959, ndipo chipululu chopanda mudzi chomwe alendo amachigomeracho chinachita kupangidwa ndi lamulo.

Atafika pa zithunzi za njovu, dona anatembenuka n'kumuuza kuti iye ndi wamwayi, poti anakulira pakati pa nyama zokongola chotere. Iye anangoti, "Inde, dona," n'kupitiriza kumwa tiyi wake.

Sananame, komabe njovu imene iye ankaidziwa sinali ya pa chithunzi. Anaidziwa ndi makutu ndi mphuno. Kuyambira mu Febuluwale, chimanga chikamasula, mpaka nthawi yokolola, iye ndi malume ake ankagona mumsasa wa m'munda. Choyamba kufika chinali fungo, lolemera ngati la khola la ng'ombe mvula itagwa. Kenako kunkamveka kugunda kwapansipansi, kokhala ngati kwa mvula ya kutali, ndipo pambuyo pake kuthyoka kwa mapesi. Apo ankadzuka n'kumamenya zitini, kukuwa, kugwedeza miuni ya udzu, mitima ili m'malere. Chimene ankaona m'kuwala kwa motowo chinali chidutswa chabe: khutu, nyanga, mdima wina wakuda kuposa mdima unzake. Kukacha ankawerenga mizere yomwe yatsala, ndipo amayi ake ankaima pamutu pa munda manja ali kunkhongo ngati kwagwa maliro. Njovu yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 patsiku, ndipo zikabwera zisanu munda wa banja lonse sufika mbandakucha.

Nkhalango ya Kasungu, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,300, inali midzi ya anthu kale. M'nthawi ya atsamunda anthu anasamutsidwamo chifukwa cha kashembe ndi nthenda ya kaodzera, ndipo mu 1970 inasanduka paki ya boma. Bamboyu analowamo kangapo m'zaka za m'ma 1990, pomwe boma linalola anthu a m'mbali kukatolamo matondo pa nyengo yake, koma maso ake anali pa masamba a mitengo ndi pa ndowa. Kulowamo kuti akangoona nyama sikunamubwerere m'mutu n'komwe. Pambuyo pake opha nyama mozemba anazisakaza njovu zija chifukwa cha minyanga: zinali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, koma pofika 2015 zinatsala zosakwana 100. Oteteza zachilengedwe analira, ndipo anali ndi chifukwa cholirira. M'midzi ya m'mphepete anthu anayamba kugona m'nyumba zawo nthawi ya dzinja. Mu Julaye 2022 boma pamodzi ndi mabungwe oteteza nyama linasamutsira ku Kasungu njovu 263 kuchokera ku Liwonde, komwe zinali zitachuluka. Panthawiyo mpanda wa magetsi sunali utazungulira nkhalango yonse, ndipo m'miyezi yotsatira kunamveka maliro a anthu ophedwa ndi njovu, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe. Mkazi wake anamanganso msasa pomwe panali wakale.

Dzinja lotsatira likutha, pa nyengo ya Pasaka, bwana anati maso ake sakuonanso bwino msewu, choncho bamboyu awayendetse kupita ku Pilanesberg, ulendo wa maola osakwana atatu kuchokera ku Johannesburg, ndipo monga kumuthokoza, akwere nawo galimoto yoonera nyama. Anadzuka kusanache. Anamufunditsa bulangeti, anamupatsa khofi wa m'fulasiki, ndipo anakhala pa mpando wa kumbuyo, pakati pa alendo ochokera ku Germany, akudzimva ngati walowa m'nyumba ya eni osaodira.

Pilanesberg ndi chigwa cha phiri lomwe linaphulika moto kalekale, ndipo mapiri ake amazungulira ngati mikombero ya dengu. Anaona nswala, njiri zikuthamanga michira ili m'mwamba, mbidzi, ndi nyamalikiti imene anali asanaionepo chibadwire. Zonsezi anaziona monga munthu amaonera katundu wa m'sitolo yomwe sangagulemo kanthu. Dzuwa litakwera pang'ono, pafupi ndi damu la Mankwe, woyendetsa anazimitsa injini.

Zinatuluka m'tchire zisanu ndi ziwiri, yaikazi yaikulu ili patsogolo. Miyendo yake inauma, ndipo dzanja lake linayamba kufufuza chitini choti amenye. Alendo aja ankangojambula. Njovu zinadutsa pafupi kwambiri moti akanatha kuziponyera chipewa, ndipo kanali koyamba kuti aione njovu yathunthu, kuyambira ku chitamba mpaka kumchira, dzuwa likuswa mtengo. Anadabwa kuti mapazi aakulu ngati mitondo aja amaponda mwakachetechete kuposa a mphaka. Anaona kuti ili ndi nsidze zazitali, kuti khungu lake ndi long'ambikang'ambika ngati dambo la mu Okutobala, kuti ikazula udzu imayamba yaukuntha pabondo kuchotsa dothi, monga amachitira mayi ndi mtedza. Kamwana kena kanapunthwa pa chitamba chake chomwe, ndipo ina yaikulupo inakadzutsa ndi phazi osaima n'komwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumafuna munthu amene nkhokwe yake ili kutali ndi pomwe waimapo. Iye tsiku limenelo nkhokwe yake inali kutsidya kwa Limpopo ndi Zambezi, ndipo anadekha, nagoma. Kugomako kunamuchititsa manyazi, ngati munthu amene wapezeka akuseka ndi wakuba amene anaba kwawo. Komabe anatulutsa foni n'kujambula chithunzi chimodzi.

Pobwerera, woyendetsa uja, mnyamata wa Chitswana, anafotokoza mbiri ya malowo. Pakiyo inakhazikitsidwa mu 1979, anthu a mtundu wa Bakgatla atasunthidwa, ndipo nyama pafupifupi 6,000 zinachita kubwera pa malole. Zambiri mwa njovu zoyamba zinali ana amasiye ochokera ku Kruger, komwe mpaka 1994 ankapha zikuluzikulu pofuna kuchepetsa chiwerengero. Ana aamuna aja anakula popanda wamkulu wowaopsa, analowa msanga m'nyengo ya ukali wa nkhomo... ukali umene umagwira njovu zamphongo zokhwima, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anapha zipembere zoposa 40. Mu 1998 anabweretsa zamphongo zikuluzikulu zisanu ndi imodzi kuchokera ku Kruger komweko, ndipo kupha kuja kunatha. Alendo anaseka, wina nanena kuti anyamata ndi amodzimodzi kulikonse. Bamboyu sanaseke. Mwana wake woyamba anali ndi zaka 15, anali atasiya sukulu, ndipo m'zaka zonse za ku Joni anamuona kanayi.

Mnyamatayo atamva kuti bamboyu ndi wa ku Malawi anasangalala, nati mikango ya ku Pilanesberg ili ndi abale kumeneko. Zinali zoona. Mu 2012 mikango yochokera ku Pilanesberg ndi ku Madikwe inatumizidwa pa ndege kukayambitsanso mtundu ku Majete, m'boma la Chikwawa, ndipo mu 2019 zipembere zakuda 17 zinachoka ku KwaZulu-Natal kupita ku Liwonde, pa ndegenso. Bungwe la African Parks, lomwe linayamba kuyang'anira Majete mu 2003 ndi Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, likulu lake lili mu Johannesburg momwemo. Nyamazo zinayenda ndi madokotala, ndi zikalata zokwanira. Iye njira yomweyo amaiyenda masiku awiri pa basi ya ku Park Station, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, pasipoti ili m'thumba la mkati, mtima ukugunda pa chipata chilichonse. Agogo ake anabwera ku migodi pa ndege ya Wenela, ulendo umene Kamuzu anauletsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown.

Anafika ku Parkview madzulo. Ntchito yomaliza ya tsiku lililonse ndi kuyendera mpanda wa magetsi wa pamwamba pa khoma, kuchotsa nthambi zomwe zagwera pa mawaya kuti alamu isalire usiku. Mawayawo ndi asanu ndi atatu, ndipo safooka ngakhale magetsi azime, poti ali ndi batire lakelake. Atatha analowa m'kanyumba kake n'kupeza uthenga wa mawu pa WhatsApp. Anali mkazi wake, mawu atasasa ndi kukuwa kwa usiku.

"Bambo, zinabweranso dzulo. Za kumunsi kwa chulu zapita zonse, maungu omwe. Mnyamata wanuyu ndiye anazithamangitsa ndi moto, ndamuletsa koma sakumva. Mwezi uno muonjezereko pang'ono, tigule matumba awiri mitengo isanakwere."

Anatumiza ndalamazo m'mawa mwake. Chithunzi chija anakhala nacho sabata yathunthu, akuchitsegula ndi kuchitseka, mpaka Lamlungu lina atabwera kutchalitchi anachitumiza, ndi mawu akuti anaiona masana, pafupi, ndipo sinamuchite kanthu. Yankho linabwera madzulo, netiweki itagwira kumudzi.

"Yanenepa bwino. Imadya m'munda mwa yani?"