Ma muffin a blueberry: werengani kaye mtengo wa chipatsocho

Anzanga a geni, ambiri mwakhala mukundifunsa za ma muffin a blueberry amene ndimaphika kuno ku Tshabalala masabata amene sindili pa ulendo. Ndiyankhe pompano kuti aliyense aone.

Musavutike kunyamula ma blueberry kuchokera ku Musina kapena ku Francistown. Zipatso zaziwisi zimafuna mapepala a zaulimi pa boda. Ngakhale mutakhala nawo mapepalawo, kutentha kwa pa Beitbridge ndi mzere wa maola aja, mudzafika ku Bulawayo zitasanduka phala. Chipatsochi chimalimidwa momwe muno m'Zimbabwe, cha ku Marondera ndi minda yozungulira Harare. Kungoti chochuluka chimakwera ndege kupita ku Ulaya, ndiye kabokosi ka magalamu 125 kamene katsalira m'masitolo a m'tauni kamaluma m'thumba. Nyengo yake ndi cha mu May mpaka October. Kunja kwa miyezi imeneyi ine sindigula, phindu lonse lingathere m'kabokosiko.

Pa ma muffin 12 ndimathira makapu 2 a fulawa, shuga wopitirira pang'ono theka la kapu, masupuni aang'ono 2 a baking powder, theka la supuni yaing'ono ya soda, kamchere, mazira 2, mafuta ophikira theka la kapu, ndi kapu imodzi ya chambiko, amene anzathu Andebele amati amasi. Chambiko ndi soda ndi zimene zimafewetsa mkati. Zouma mbale yake, zamadzi mbale yake, kenako phatikizani ndi kutakasa pang'ono chabe. Si nsima iyi, amayi. Mukapukusa kuti mibulu ithe, mudzatulutsa zolimba ngati mphira. Zipatso muziyamba mwazigubuduza mu fulawa wouma kuti zisamire pansi, ndipo muzithire pomalizira. Uvuni utenthe kufika 190, mphindi 20 zakwana.

Magetsi akazima, monga amachitira kuno, sindidikira. Ndimaphika mmene agogo ankaphikira chigumu ku Sizinda: mchenga pansi pa poto wamkulu, zitini pamwamba pa mchengawo, moto wochepa pansi, makala ambiri pa chivundikiro. Zimachedwerapo, koma zimapsa bwinobwino.

Tsono nkhani ya ndalama. Kabokosi kamodzi kamangokwana ma muffin 12, ndipo mtengo wake nthawi zina umafanana ndi wa zina zonse kuziphatikiza. Wogula wa kuno ku lokeshoni sakulipirani mtengo wa mu shopu ya khofi ya ku Hillside. Choncho a blueberry ndimaphika pa oda basi, ya ukwati kaya ya phwando la mwana, munthu atapereka kale theka la ndalama. A masiku onse ndimathira mabulosi. Mitengo yake ili m'mayadi ambiri kuno, amapsa cha mu September ndi October, ana amangowapondaponda. Chotsani timapesi, tsukani, yanikani pa nsalu kuti madzi achoke. Amadetsa mtanda kuposa blueberry ndipo kakomedwe kake n'kosiyanako, koma amayenda malonda. Chachikulu, muuzeni wogula kuti ndi mabulosi. Kumunamiza kuti ndi blueberry, mawa sabweranso, ndipo pa lokeshoni mbiri sichedwa.

Abambo a mathiraki, inu amene mumaitanitsa zodyera pa msewu: muffin wa chipatso chachiwisi amakhala ndi chinyezi. Mu kabini yotentha, atamangidwa mu pulasitiki, tsiku lachitatu amayamba nkhungu mozungulira chipatsocho. Mukaona kaubweya koyera tayani yense, osangobudula pamenepo. Kutsekula m'mimba muli pa mzere wa ku Chirundu kapena ku Nyamapanda mukukudziwa nokha. Ngati ulendo ndi wa ku Blantyre kapena ku Lusaka, tengani ma muffin 4 oti mudye lero ndi mawa, akulungidwe mu pepala ataziziratu. A masiku otsalawo itanitsani masikono opanda chipatso.