Tchuthi cha miyendo ku Ntengo-wa-Mbalame

Sukulu zikatsekera ku Malawi m'mwezi wa Julaye, basi za pa msewu wa Blantyre ndi Lilongwe zimatsitsa ana ambiri pa Biriwiri ndi pa Lizulu. Ena mwa anawa salowera kumidzi ya ku Ntcheu ayi. Amangodumpha msewu kulowera chakumadzulo, ndipo akatero ndiye kuti aponda kale dziko la Mozambique, paulendo wokaona agogo awo m'boma la Tsangano.

Mmodzi wa ana oterewa ndi mnyamata wina wa zaka 14 wa ku Ndirande, amene anapita kukathera tchuthi kwa agogo ake akuchikazi ku Ntengo-wa-Mbalame. Iye ananyamuka ndi nsapato zoyera ndi kamalaya kopyapyala popeza anamva kuti ku Tete dzuwa limaswa mtengo. Anamva zoona, koma kutentha kumeneko n'kwa m'tauni ya Tete, m'mbali mwa Zambezi. Kunotu n'kumtunda. Miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti madzi ogonera mumtsuko amaluma mano, ndipo m'mawa wina chisanu chimayera mbuu m'madimba. Usiku woyamba mnyamatayo anagona chopinda miyendo m'mabulangete awiri, akumva mphepo ikulira m'denga.

Kutacha amalume ake anati apite nawo kudimba. Atafunsa ngati kuli kutali anamuyankha kuti, "Ndi pompa, mphwanga." Alendo onse ayenera kuchenjera nawo mawu amenewa. Munthu wa kuno akati pompa ndiye kuti pali zitunda zitatu, mitsinje iwiri ndi kamlatho ka mtengo umodzi. Pofika kudimbako mlendo wathu anali wefuwefu, pamene amalumewo, munthu wa imvi zake, anali atayamba kale kutsegulira madzi m'ngalande.

Koma maso anadya. Ukaima pamwamba pa chitunda umaona dziko lonse litayalika: mizere ya mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba, minda ya tirigu yomwe boma la Tsangano limatchuka nayo, ng'ombe m'madambo, ndi ngolo zikutsetsereka ndi matumba kulunjika kumsewu. Mbatata imene amayi a ku Blantyre ndi ku Tete amakazinga tchipisi, yambiri imachokera m'zitunda zoterezi za mbali zonse ziwiri za malire.

Sabata isanathe mnyamatayo anali atalowa m'gulu la abusa a ng'ombe. Anyamata amenewa kuyenda pang'onopang'ono sakudziwa. Ng'ombe ikalowera kudimba la eni, liwiro. Wina akaponya mpira wachikulunga kumunsi kwa chitunda, liwiro. Madzulo amapikisana kuti ayambe kufika pamwala wa pamwamba ndani, ndipo wotsalira amakatsekera khola. Ku Mulanje kuli mpikisano wa chaka ndi chaka wa anthu onyamulira alendo katundu, wothamanga kukwera ndi kutsika phiri, ndipo opambana amalandira mphotho. Ku Ulaya nako, m'mayiko ngati Switzerland, anthu amalipira ndalama zambiri kuti akathere tchuthi akuthamanga m'mapiri. Abusa a ku Ntengo-wa-Mbalame amachita zomwezo opanda nsapato, mphotho yake n'kukhala mbatata yootcha.

Tsiku lina agogo anamutenga mdzukulu wawo kukaona abale kumudzi wa kufupi ndi malire. Atafika pa kamtsinje kena anaima, nati, "Iwe umati wathamanga? Pano ndinadutsa ine usiku, amako ali kumsana, dzanja langa lili pakamwa pawo kuti asalire."

Umo munali mu 1986, chaka chimene nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inabalalitsa anthu ochuluka a ku Angonia ndi Tsangano. Anthu anasiya chimanga m'nkhokwe ndi ng'ombe m'khola n'kuthawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, kumene ambiri anamanga zisakasa m'mbali mwa msewu, malo oti kwawo ankakuona ndi maso koma osatha kupondako. Pofika mu 1992 dziko la Malawi linali likusunga anthu othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu 1993 ndi 1994 anthu anabwerera nakapeza mabwinja ndi minda itasanduka tchire. Ngakhale pamenepo kuyenda kunali kwa mantha chifukwa cha mabomba okwirira pansi. Ana ankauzidwa kuponda pomwe waponda wamkulu, ndipo mbuzi ikalowera kutchire losadziwika inkangosiyidwa. Mpaka mu 2015 ndi pamene boma la Mozambique linalengeza kuti ntchito yochotsa mabomba m'malo onse odziwika yatha.

Mnyamatayo anakhala chete mtunda wonse wotsala. Agogo nawo sanaonjezepo kanthu, anangomupatsa kamtolo kawo kuti awanyamulire.

Kumene ankapitako kunali chiliza cha mkulu wina amene anamwalira zaka zapitazo. Ogasiti ndiye mwezi wa zoterezi: dzinthu zili m'nkhokwe, mbatata yagulitsidwa, njira zauma. Maukwati, ziliza ndi zikumbutso zimangotsatana, ndipo munthu wa miyendo yolimba akhoza kutha mwezi wonse osadya nsima ya pakhomo pake. Pamwambowu panagwa ng'ombe. Amayi anali atatchereza thobwa ndi masese m'migolo. Alendo ena anachokera ku Ntcheu, ena anabwera pa njinga zamoto kuchokera ku Furancungo m'boma la Macanga, m'matumba muli ndalama za fodya. Pogula zitumbuwa wina ankatulutsa makwacha, wina mametikali, ndipo wogulitsa ankalandira zonse osawerengera papepala.

Dzuwa litapendeka ngoma inalowa m'bwalo. Madoda anabwera ndi zishango, zibonga ndi nthenga kumutu, akuponda pansi mwakamodzi mpaka fumbi kobo, amayi akuomba m'manja ndi kuluta nthungululu. Palibe amene akanatha kuloza kuti uyu ndi wa ku Malawi, uyu wa ku Mozambique. Angoni a kwa Maseko anakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe ku Angonia cha m'ma 1870, malire asanabwere. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 ndilo linadula dziko lawo pakati, mwakuti lero ena ali pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani ku Ntcheu pamene ena ali kwa Zintambira ku Angonia. Pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo amakumananso onse. Mnyamata wa ku Ndirande anabwerekedwa chibonga, ndipo ngakhale mwendo unkachedwa, madoda anamusiya m'mzere mpaka nyimbo inatha.

Tsiku lobwerera agogo anamumangira theka la thumba la mbatata ndi nyemba za amayi ake. Nsapato zoyera zija zinali zitafiira ndi katondo, imodzi itayasama kutsogolo. Amalume anafuna kumufunira njinga yamoto yoti ikamutule kumsewu, koma iye anakana. Anasenza thumbalo, natsogola, ndipo atafika pa kamtsinje kaja anatula katundu n'kudikira amalume ake amene ankabwera m'mbuyo.