Pansi pa mlatho wa Victoria Falls

Anthu ambiri akafika ku Livingstone m'dziko la Zambia amathera pamwamba, kuyang'ana mathithi a Mosi-oa-Tunya, otalika mamita 108 ndi otambalala mamita oposa 1,700. Koma mtsinje wa Zambezi umaonetsa ukali wake pansi, pamene madzi onsewo amapanikizana m'chigwembe chopapatiza cha Batoka. Kumeneko n'komwe ife aphunzitsi anayi tinapita pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, titasonkherana ndalama kwa matemu awiri.

Za ulendo wa pa basi tisachulukitse. Kuchoka ku Lilongwe, kudzera pa Mchinji, Chipata ndi Lusaka, msana umaphunzira zambiri. Tinasankha Okutobala chifukwa madzi amakhala atatsika, ndipo mabwato amatha kuyambira pa Boiling Pot, pafupi ndi mlatho womangidwa mu 1905 wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe.

Bwato lake ndi la mphira, lopopa mpweya. Aliyense amalandira chisoti, jekete yoyandamitsa ndi nkhafi. Malo a madzi olusa alipo oposa 20, ali ndi manambala komanso mayina: wachisanu ndi Stairway to Heaven, wachisanu ndi chiwiri ndi Gulliver's Travels, wa 18 ndi Oblivion. Pakati pake pamakhala maiwe odekha, opumirapo ndi kutoleramo amene agwa.

Wotiwongolera anali mnyamata wosasiyana msinkhu ndi amene tinawatsanzika atalemba MSCE zaka zitatu zapitazo. Ankatilankhula Chinyanja cha ku Zambia. "Aphunzitsi, nikakamba kuti pansi, musafunse chifukwa," anatero tisananyamuke. Tinaseka, poti ntchito yathu ndi yolimbikitsa ana kufunsa. M'madzimo lamulo lake linamveka. Akati palasani, nonse mupalase nthawi imodzi, chifukwa bwato lofika pa funde lopanda liwiro limabwezedwa kapena kugadabuzika. Akati pansi, mugwade m'kati, mugwire chingwe. Wochedwa ndi mphindi imodzi amakokera anzake onse m'madzi.

Chotigometsa chinali mmene amawerengera mtsinje. Ife timaona thovu loyera paliponse. Iye amaona lilime la madzi osalala losonyeza njira, amaona pamene mwala wabisala, ndi pamene madzi akugwa n'kubwerera m'mbuyo, malo amene amatha kusunga munthu osamulavula msanga. Palibe bukhu limene anaphunziramo. Anayamba ngati wonyamula katundu, kenako wopalasa kabwato kopulumutsira anthu, mpaka mtsinje unamukhala m'maso. Timakonda kuyesa nzeru ndi satifiketi, koma tsiku limenelo madipuloma athu anali m'chikwama ku malo ogona.

Pa nambala 9, potchedwa Commercial Suicide, anakocheza bwato n'kutiuza tonse kuti titsike. Mmodzi wa ife, mtima uli m'mwamba titadutsa bwino malo oyambirira, anati, "Achimwene, apanso sitingayese?" Mnyamatayo anangopukusa mutu. Alendo apa amadutsa wapansi pamiyala, ndipo palibe ndalama imene imasintha zimenezo. Kwa ife apa m'pamene tinamukhulupirira kotheratu. Munthu yemweyo amene anatilowetsa m'mafunde otalika kuposa khomo la kalasi ankadziwa malo oyenera kukana, ndipo anakana mosachita manyazi pamaso pa akuluakulu. Inu a Fomu 4 amene mumati kulimba mtima ndi kusabwerera m'mbuyo, tikanakonda mukanaona nkhope yake: inalibe mantha, inalibenso matama.

Swala za masana ndi madzulo tinaziphatikiza monga apaulendo, pamchenga, zovala zikudontha. Kenako panali chikweza chotulukira m'chigwembe, chimene chinatitopetsa kuposa madzi. Tikupuma wefuwefu, anyamata a m'midzi yozungulira ankatipitirira atasenza mabwato ophwetsedwa pamapewa.

Ntchito yawoyi ili pa chiopsezo. Maboma a Zambia ndi Zimbabwe akhala akukonza zomanga damu la magetsi m'chigwembe chomwechi, loyembekezeka kutulutsa mamegawati 2,400. Likadzamangidwa, madzi adzabwerera m'mbuyo n'kumiza ambiri mwa malo tinadutsawa. Ife odziwa kuwerengetsa ana ndi tochi magetsi atazima sitinganyoze damu. Tinamufunsa wotiwongolera uja kuti adzatani. Anati ali ndi msuweni ku Jinja, ku Uganda, kumene amapalasa pa Nile, ndipo wayamba kale kufunsa mtengo wa basi.